Diso langa linagwidwa ndi tizilombo ta mitundu iwiri nthawi imodzi

Kuno ku Salima, makamaka ife a ku Lifuwu ndi m'madambo a m'mbali mwa nyanja, palibe mlimi wa mpunga amene sanalowedwepo matope m'maso. Nthawi yowokera timakhala chowerama kuyambira m'mamawa, madzi akuwazikira kumaso. Nthawi yopuntha ndi kupeta, ndiye fumbi ndi mankhusu. Timangotikita ndi kuseri kwa dzanja, mwina kutapa madzi a m'ngalande omwewo n'kusukusula, ntchito n'kumapitirira. Kawirikawiri zimathera pomwepo. Kwa ine sizinathere pomwepo, ndipo ndikufuna alimi anzanga, asodzi, oumba njerwa ndi onse ogwira ntchito m'matope adziwe mmene matenda amenewa amayendera, chifukwa amanamiza wodwala, amanamizanso ngakhale amene akumuthandiza.

Zinayamba mu February 2024. Ndinkazula udzu m'munda, tsamba la mpunga n'kundikwapula diso lakumanzere. Amene analimapo mpunga akudziwa kuti tsamba lake ndi lokhakhala m'mbali, limacheka. Ndinasukusula ndi madzi a m'mundamo n'kumaliza ndime yanga. Usiku diso linkamveka ngati mwalowa mchenga, ndipo kutacha linali psuu, zikope zitamatana ndi manthongo.

Nthawi imeneyo n'kuti matenda a pink eye atabuka ku Karonga n'kumafalikira m'maboma ena, moti aliyense wondiona ankati, "Ndi zomwe zabwerazi achimwene, zitha zokha." Koma pink eye amakonda kugwira maso onse awiri, amayenda nyumba yonse, ndipo ukapukuta manthongo umaona bwinobwino. Kwathu panalibe wina amene anadwala. Diso linali limodzi lomwelo, ndipo ndikatsinzina lakumanja zinthu zinkaoneka mwachimbuuzi. Amene anaona chenicheni ndi mayi a kunyumba. Anandiunika ndi tochi ya foni cha m'mbali, n'kunena kuti, "Bambo, izi si za pink eye ayi. Pakuda pa diso pali kadontho koyera. Mawa tilawirire kuchipatala."

Kadontho koyera pakuda pa diso si kodikira nako. Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera kamene kuwala kumadutsapo, madokotala amati cornea. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita basi. Mulibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake mapilitsi ndi jakisoni sizifikapo bwino, pamafunika mankhwala odonthezera. Koma timitsempha tomvera ululu tinadzaza pamenepo kuposa malo ambiri a m'thupi. Kachikopa kameneka kakakalika, khomo latseguka.

Kuchipatala, wa maso anandidonthezera mankhwala achikasu n'kuunika ndi getsi la buluu. Pamene panali chilonda panawala mobiriwira, mayi a kunyumba anaona nawo. Wa masoyo anati mwalowa mabakiteriya, ndipo m'kati mwa diso, cha m'munsi, munali mutayamba kudikha mafinya. Anandipatsa madontho a ciprofloxacin oti ndizithira ola lililonse. Anachita zoyenera bambo ameneyo, chifukwa mabakiteriya ena, monga otchedwa Pseudomonas, akasiyidwa amatha kuboola diso m'masiku awiri okha.

Mankhwalawo anagwiradi ntchito. Manthongo anauma, zikope zinaphwa, mafinya a m'kati aja anachepa. Titapitanso kukaonetsa, onse anati zikuyenda.

Ululu wokha ndi umene sunachoke. Diso poliyang'ana linali bwino kuposa poyamba, koma kupweteka kunkakulirakulira. Kunkayambira m'diso, kukwera pachipumi, kugwira mbali yonse ya mutu mpaka m'mano akumwamba. Kuwala ndinkadana nako. Ngakhale kakuwala kolowera pabowo la msomali pa malata kankandilasa, moti masana ndinkakhala m'chipinda nditafunda chitenje cha mayi kumutu. Misozi inkangotuluka yamadzimadzi, yopanda manthongo. Panado ndi bufeni sizinkaphula kanthu. Obwera kudzazonda matenda ankayang'ana diso, n'kuyang'anana. Ndinkadziwa kuti ena mumtima akuti bamboyu akukokomeza, ena akuti apa pali dzanja la munthu. Palibe chowawa ngati kumva ululu wosagona nawo, anthu n'kumakuuza kuti ukuchira.

Malangizo anabwera ambirimbiri. Wina anati mkaka wa m'mawere, wina anati mkodzo wa m'mawa. Apongozi anga anafika ndi masamba atawatikita kale kuti tifinyire m'diso. Mayi a kunyumba anagwada n'kunena kuti, "Amayi, zikomo kwambiri, koma tiyeni tiyambe tamaliza za kuchipatalazi." Ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa madzi a masamba pa diso lachilonda amawonjezera tizilombo tina, ndipo ena amawotcha cornea.

Chimene chinalowa m'diso mwanga chinadzera kwina. Mlamu wanga, pondimvera chisoni, anakagula kabotolo pa sitolo ina ya mankhwala. Wogulitsayo diso langa sanalione, anangomva zoti ndi lofiira, likupweteka. Madontho amenewo anachita zodabwitsa. Usiku womwewo ndinagona tulo, kufiira kunachoka, ndinatuluka panja n'kukakhala pakhonde. Patangopita masiku ochepa ululu unabwerera moposa kale, manthongo nawonso anayambiranso, ndipo poyera paja panakula n'kupanga mkombero wotuwa pakati pa diso. Wa maso uja atawerenga pa kabotoloko anangogwira pakamwa. Munali dexamethasone, mankhwala a gulu la steroid. Mankhwala amenewa ali ndi ntchito yake m'manja mwa dokotala wa maso, koma pa chilonda chimene muli tizilombo amagonetsa asilikali a m'thupi. Kufiira ndi kutupa kumatha, munthu n'kumayesa wachira, pamene tizilombo tikuswana popanda wotiletsa. Mayina ena a gulu lomweli ndi betamethasone, prednisolone ndi hydrocortisone, ndipo nthawi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya m'kabotolo kamodzi, moti wogula amaona ngati wapeza zabwino. Tsiku lomwelo anandilembera kalata yopita ku Lilongwe.

Kuchokera ku Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, koma ndi diso lotere, minibasi ikagunda pabampu umamva ngati mutu ung'ambika. Kumeneko anandikhazika pa makina aja oika chibwano pa kachitsulo. Adokotala, mayi wofatsa, anafunsa mafunso amene poyamba ndinkaona ngati ndi ocheza chabe. Mumagwira ntchito yanji? Chinakulasani n'chiyani? Munasukusula ndi madzi ochokera kuti? Munayamba mwavalapo timagalasi tomata m'maso? Ululu ukufanana ndi mmene diso likuonekera, kapena ukuposa? Anati munthu akalasidwa ndi tsamba, mankhusu kapena kamtengo, choyamba amaganizira fangasi, tizilombo ta gulu la nkhungu, amene amavuta kwambiri alimi m'maiko otentha. Koma ululu wangawo, mkombero uja, ndi timizere toyera totsatira mitsempha ya cornea timene anationa pa makinawo, zinawaganizitsa za china.

"Bambo, tikufuna tipale pang'ono pachilondapo, tikaone chimene chilimo. Musaope, tikudonthezerani mankhwala a dzanzi."

Ndinaopabe, koma sizinapweteke. Ndinkangomva kukandakanda kwa kampeni kakang'ono, iwo n'kumapaka zimene apalazo pa timagalasi ndi m'timbale ta ku labu. Ngati dokotala atakuuzani zopala diso, musathawe. Kuyang'ana kokha, ngakhale katswiri amatha kusokoneza chilonda cha fangasi, cha mabakiteriya, cha kachilombo ka herpes ndi cha amiba, pamene chilichonse chili ndi mankhwala akeake.

Zotsatira zinabwera pawiri. Pa maikulosikopu anaona tizilombo totchedwa Acanthamoeba. Patapita masiku, m'timbale muja munameranso mabakiteriya a Pseudomonas, amene anali atayamba kugonja koma anadzukanso chifukwa cha steroid uja.

Acanthamoeba ndi amiba wa selo imodzi, wosaoneka ndi maso. Si amiba wa kamwazi uja ayi, sikuti ndi kachilombo ka likodzonso, ndipo munthu sapatsira mnzake. Amakhala m'dothi, m'matope, m'madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje, m'zitsime, m'mathanki, ngakhale m'madzi a pampopi. Tonse timakumana naye tsiku ndi tsiku osadwala, chifukwa diso lopanda bala limadziteteza. Madokotala anayamba kumuzindikira ngati woyambitsa zilonda za m'maso cha m'ma 1970. Ku Ulaya ndi ku America amene amadwala kwambiri ndi ovala timagalasi tomata m'maso, koma m'maiko monga India ambiri mwa odwala ndi alimi ngati ine, amene anavulala diso n'kulowedwa matope kapena madzi akuda.

Chimene chimachititsa kuti avute kupha n'chakuti ali ndi moyo wa mitundu iwiri. Zinthu zikamamuyendera, amayenda, amadya, amaswana. Akaona mankhwala, kuuma kapena njala, amadzikulunga n'kudzitsekera m'chigoba cha makoma awiri, monga imachitira nkhono m'chilimwe, n'kumadikira. Ali m'chigobamo amatha kukhala zaka zambiri osafa, ndipo madontho wamba opha mabakiteriya samukhudza n'komwe.

Nanga mabakiteriya akubwera bwanji pa nkhaniyi? Adokotala anati chakudya cha amiba ameneyu ndi mabakiteriya. M'matope amakhalira limodzi, ndiye dontho limodzi la madzi a m'munda limatha kubweretsa onse awiri. Mabakiteriya ena amatha kukhala amoyo m'kati mwa amiba mwenimwenimo. Akalowa limodzi m'diso, amene amayamba kuonekera ndi mabakiteriya, chifukwa ndi achangu: tsiku limodzi kapena awiri diso latupa kale, manthongo mbwee, mafinya adikha. Aliyense amathamangira iwowo, ndipo n'zoyenera. Mankhwala akawagonjetsa, diso limaoneka ngati likuchira, aliyense mtima pansi, pamene amiba akupitirizabe kulowa pansi pa cornea mwakachetechete. Kuchira kwa theka kumeneku ndi kumene kunandidyera nthawi ine.

Mmene matendawa amayendera pakakhala kuti mabakiteriya palibe ndinakuonera pa mtsikana wina amene tinkakumana pa benchi podikira adokotala. Anali wa mumzinda, munda wa mpunga sanaupondepo. Anagula timagalasi tomata tosintha mtundu wa maso pokonzekera ukwati wa mnzake, n'kumatitsuka ndi madzi a pampopi, ndipo anasambira nato m'nyanja ku Senga Bay kwathu konkuno. Iye manthongo sanawaonepo, mafinya ayi. Linali diso lofiira pang'ono, misozi, kuopa kuwala, ndi ululu umene anthu sankaukhulupirira. Kwa nthawi yaitali ankamwa ndi kupaka mankhwala a herpes, chifukwa poyambirira zilonda ziwirizi zimafanana kwambiri. Mkombero unadzaonekera mochedwa, monga umachitira, ndipo ukamaoneka ndiye kuti matenda apita kale patali. Tonsefe tinachedwa, koma mosiyana: iye chifukwa diso silinkaopsa poliyang'ana, ine chifukwa choopsacho chinachoka n'kusiya china m'munsi. Chimene tinafanana ndi ululu woposa maonekedwe a diso. Ovala timagalasi timeneti, musatiyandikize madzi a pampopi, musasambe kapena kusambira mutavala, musagone nato.

Mankhwala ake anali ntchito yolemetsa. Anandigoneka m'chipatala poyamba. Madontho opha amiba amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi chlorhexidine wa 0.02% ndi PHMB, nthawi zina pamodzi ndi propamidine. Ine anandipatsa chlorhexidine, wochita kusungunula ku famase ya chipatala. Masiku oyambirira ankathira ola lililonse usana ndi usiku, kuti aphe amiba ambiri asanadzitsekere. Pambali pake panali madontho a mabakiteriya, ndi ena otchedwa atropine, okulitsa mwana wa diso kuti ululu wa m'kati uchepe. Madontho osiyana sathira nthawi imodzi, pamafunika kudikira mphindi zisanu, apo ayi achiwiri amatsuka oyamba. Mayi a kunyumba, amene anali gadiyani wanga, ankagona pansi pambali pa bedi, alamu ya foni ili pakhutu. Ikalira ankadzuka, kusamba m'manja, kukoka chikope cha m'munsi, kudontheza osagunditsa kamwa ya botolo pa diso, n'kulemba chizindikiro kuseri kwa buku la kuchipatala. Chlorhexidine amaluma, ndipo m'masabata oyamba diso limafiira kwambiri chifukwa cha mankhwala enieniwo. Tsiku lina ndinawauza kuti andisiye ndigoneko. Anati, "Bambo, mpunga tausiya kumunda mbalame zikudya. Tisataye zonse ziwiri." Ndinatsegula diso.

Pano ndichenjeze mwamphamvu, chifukwa dzina la chlorhexidine ambiri timalidziwa. Alipo wotsukira mabala, aliponso wopaka pamchombo wa khanda, wa 7.1%. Amenewo ndi amphamvu kuwirikiza kambirimbiri kuposa wa m'maso, ndipo akalowa m'diso amawotcha mpaka kuchititsa khungu. Mu 2019 bungwe la WHO linachenjeza za zimenezi, ana ena m'maiko a mu Africa muno atavulala maso chifukwa chothiridwa mankhwala a pamchombo aja molakwitsa. Musayese kusungunula nokha kunyumba. Wa m'maso amachokera kwa dokotala wa maso basi.

Mabakiteriya anatha msanga, madontho ake anandisiyitsa patapita masabata ochepa. A amiba anapitirira miyezi, akuchepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo adokotala anati ena amathira mpaka chaka. Apa m'pamene ambiri amagwera. Ululu ukatha, diso likayera, ndalama ya minibasi ikasowa, munthu amati basi ndachira. Koma amene ali m'zigoba aja akadalipo, mankhwala akangoleka amatuluka n'kuyambiranso. Ife tinagulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga amene tinasungira njala kuti tisaphonye tsiku lokaonetsa. Anandiyezanso shuga ndi HIV, chifukwa thupi likakhala lofooka zilonda za m'maso zimachedwa kupola. Posamba ndinkasamala kuti madzi asalowe m'diso, ndinkavala magalasi akuda, ndipo anandiletsa kumanga diso ndi nsalu, poti kutentha ndi chinyezi n'zimene tizilombo timakonda.

Pocheza ndi adokotala ndinamvanso kuti amiba si yekha. Tilipo tizilombo tina totchedwa microsporidia, timenenso timalowa ndi matope m'nyengo ya mvula n'kupanga timadontho toyera tambirimbiri pa cornea, ndipo timavutitsa kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika. Kumapiri a kumwera, monga ku Thyolo ndi ku Mwanza, kuli matenda ofalitsidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga. Tinjoka take timayenda pansi pa khungu n'kufika mpaka m'diso, n'chifukwa chake kumeneko anthu amalandira mapilitsi a Mectizan chaka ndi chaka. Amenewo ndi matenda ena, mankhwala akenso ndi ena.

Lero diso langa lilipo, silinaphulike, silinachotsedwe. Pakati pake pali chipsera choyera chimene anthu amati ng'ala, ngakhale si ng'ala ya okalamba ija yochotsa ndi opareshoni ya tsiku limodzi. Ndi diso limenelo ndimaona munthu akubwera, koma nkhope sindiizindikira mpaka atayandikira, ndipo usiku magetsi a galimoto amamwazika. Njinga ndimapalasa masana okha. Adokotala anati n'zotheka kusokererapo cornea ina, koma pokhapokha diso litakhala nthawi yaitali lili phee popanda mankhwala, chifukwa amiba akatsalira amadyanso yatsopanoyo. Anatinso amene amapezeka nawo matendawa m'masabata oyambirira, amiba akadali pamwamba, ambiri amachira n'kumaona bwino. Mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba zonsezi.

Kumunda ndinabwerera. Popalira ndi popuntha ndimavala magalasi oonekera aja amavala akalipentala, amapezeka m'mahadiweya pamtengo wosaboola m'thumba. Poyamba anzanga ankandiyang'ana modabwa, pano ena ayamba kugula. Ndimanyamulanso botolo la madzi owiritsa ozizira, losiyana ndi lakumwa, kuti chitsotso chikalowa ndisatape a m'ngalande. Ana anga ndinawaphunzitsa kuti diso lolowa kanthu satikita.

Diso likalasidwa n'kugona usiku umodzi likupwetekabe, kapena likayamba kuona mwachimbuuzi, kapena pakuda pakaoneka poyera, pitani tsiku lomwelo, ndipo funsani wa maso weniweni. Pa chipatala cha boma amapezeka, ndipo zikavuta kuli zipatala za maso ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma. Tengani mabotolo onse amene mwathirapo, ngakhale ogula pa golosale, ndipo ngati munafinyira masamba nenani, musachite manyazi, sakukalipirani. Fotokozani za matope ndi madzi amene munasukusulira ngakhale asanafunse. Mukathira mankhwala a mabakiteriya manthongo n'kuuma koma ululu n'kumakula, musadikire tsiku limene anakulemberani. Bwererani mawa lake, mukanene kuti ululu ukuposa mmene diso likuonekera, ndipo mufunse ngati sangapale pachilondapo kuti akayeze fangasi ndi amiba.